WhatsApp Business pa geni yanga ya zitenje kuno ku Harare

Amayi anzanga ochita geni kuno ku Harare amene mukadali pa WhatsApp wamba uja, ikani ya Business ija mufoni, ndi yaulere. Ine ndimagulitsa zitenje komanso kusoka ku Highfield, katundu ndimaoda ku Limbe amabwera pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, ndipo ndinayamba kuigwiritsa ntchito nthawi ya lokidauni ya 2020 ija misika ngati Mupedzanhamo itatsekedwa tonse tili bindikiro m'nyumba. Misika inatsegulidwa koma ine sindinaisiyenso.

Chandigwira mtima kwambiri ndi katalogi, malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake mu app momwemo. Kale kasitomala akafunsa kuti muli ndi zitenje zanji ndimatumiza zithunzi chimodzichimodzi, mawa wina afunsenso ndiyambirenso, bandulo kuthera pomwepo munthu osagula nkomwe. Pano chitenje ndimachijambula kamodzi, kulemba mtengo m'madola ndi mayadi ake basi, munthu amasankha yekha ngakhale pakati pa usiku ine ndili mtulo, m'mawa ndimapeza oda ikundidikira. Chikatha ndimangochibisa kuti asachionenso. Pa chinkhoswe ndiye mpamene zimakoma, azimayi akafuna chitenje chimodzi onse amangoponya linki mu gulu lawo nkugwirizana okha, ine sindiyendanso ndi chikwama cha masampulo ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa.

Malebo aja, tizizindikiro tamitundumitundu toika pa makasitomala, nawonso ndi abwino, wolipira mtundu wake, wangongole mtundu wake, kabuku kangongole kaja ndinakasiya. Uthenga wolonjera umapita wokha, ndinaulemba m'Chichewa ndi m'Chishona poti makasitomala ambiri ndi eni dziko.

Ndalama sizidutsa mu app, amalipira pafoni pa EcoCash kapena InnBucks, ena amabwera ndi madola pamanja, ndalama ya dziko lino ya ZiG inabwera mu 2024 ija timagwirizana kaye reti ya tsikulo tisanadule nsalu. Achimwene amene amandigulira ku Limbe amandiimbira pa vidiyo ali m'shopu momwemo, kunditambasulira nsalu zatsopano ine ndikusankha, kenako ndimawatumizira pa Mukuru iwo nkulandira pa Airtel Money. Mayi anga ankachita geni yomweyi koma ankakwera okha basi, kugona pa boda ndi ndalama zomanga m'chiuno, zimenezo ndikaziganiza ndimaona kuti intaneti yatipeputsira katundu ndithu. Komanso ndili ndi makasitomala ku Bulawayo ndi ku Mutare oti nkhope zawo sindikuzidziwa, ena ndi ana athu ali ku Johannesburg ndi ku London ogulira amayi awo kuno.

Koma musaganize kuti ndi zofewa zokhazokha ayi, ndipo mavutowo si a app, ndi a anthu ndi a dziko lino. Wina ananditumizira chithunzi chabodza choonetsa ngati walipira, chooneka bwinobwino dzina langa lili pomwepo, nkumandikakamiza kuti driver wake ali pageti ndimupatse katundu msanga. Ndinati dikirani ndione kaye balansi mufoni mwanga, anangozima osayankhanso. Chonde abale, meseji ya ndalama ilowe mufoni mwanu osati chithunzi. Ena amaba zithunzi zanga nkumaika pa sitetasi yawo ndi mtengo wotsika katundu alibe, zimandiwawa kwambiri chifukwa wobedwayo amayamba kukayikira tonse ogulitsa pafoni. Pano ndimalemba dzina la geni yanga pakati penipeni pa chithunzi. Magetsi akazima tsiku lonse netiweki nayo imafooka, power bank ndiyofunika. Mpikisano nawo wakula, kasitomala amafunsa anthu angapo nthawi imodzi nkubwera kudzati uje akugulitsa motchipa, phindu pa chitenje chimodzi lachepa kusiyana ndi kale, chimene chimatipulumutsa nkuchuluka kwa ogula.

WhatsApp Business imeneyi ine ndikuipatsa nyenyezi 5. Amene mukuyamba kumene, zitenje muzijambula panja m'mawa dzuwa lisanakwere, mukajambula m'nyumba ndi babu chofiira chimaoneka ngati cha olenji ndiye kasitomala amabweza. Ndipo gulani laini ina ya geni yokha, za maliro ndi za kumpingo zisasakanikirane ndi maoda.