Galimoto yabwino, koma kiyi wa loko nati anatigoneka pamsewu ku Nyika

Galimoto ya hayala yomwe tinapita nayo ku Malawi ndabweza Lolemba lapitali ndipo ndati ndilembe mtima usanatsike. Dzina la kampani sinditchula, koma ndi yobwereketsa ma 4x4, ili kufupi ndi eyapoti kuno ku Johannesburg.

Tinatenga Hilux ya double cab ya matenti awiri padenga, masabata atatu, ine, madamu ndi alamu anga. Mtengo wawo ndi wa pa tsiku, satsitsa olo ulire bwanji. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ku Joni kuno ndatha zaka 11 koma kumpoto ndinali ndisanapondeko, zamanyazi ndithu, azungu amachoka kutali kukaona mbidzi za kwathu ife timangodziwa basi ya pa Park Station basi. Ndiye chaka chino tinati tikafike ku Nyika.

Vuto linayambira pa kauntala pomwe. Mnyamata wake atangoona pasipoti ya Malawi nkhope inasintha, dipoziti yomwe pa foni anati R15 000 inasanduka R25 000, akuti magalimoto opita kumtunda uko ena sabwera. Ndinangomeza, ndalama ndinapereka. Potionetsa galimoto ankangoloza ndi chibwano, jeke iyo, sipanala iyo, ma sipeya awiri awo, maso ali pa foni. Ine ndinaona kuti tayala lililonse lili ndi nati imodzi yosiyana ndi zinzake, ija ya loko yoopsezera akuba, ndinamufunsa kuti kiyi wake ali kuti, iye osadzutsa ndi mutu womwe anati ali mu kabokosi ka kutsogolo. Ndinasayina. Apo pokha ndi pomwe ndikudziimba mlandu ndekha.

Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kulowera pa Dedza, zonse bwinobwino, kalata yodutsira maboda anailemba molondola palibe wapolisi anatikola nayo.

Pa Rumphi tinadzaza dizilo mpaka m'zigubu poti kutsogolo kulibenso pothira. Kuchoka pamenepo kudzera ku Bolero kukafika pa geti ya Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, kenako enanso pafupifupi 60 kuti ukafike ku Chelinda, fumbi ndi miyala yokhayokha, kukwera kosalekeza. Titadutsa geti ndi ola limodzi, cha m'ma 4 koloko Loweruka, mwala unang'amba tayala lakumbuyo m'mbali, phwaa. Sitinadandaule, ma sipeya alipo awiri. Alamu anaika jeke, ine ndinamasula manati asanu, kufika pa yachisanu ndi chimodzi ija ndinati madamu tapatseni kiyi mu kabokosimo. Munalibe. Munali buku la galimoto, tishu ndi cholembera chosalemba. Tinatsitsa katundu yense pamsewu, mipando kutukula, pansi pa makapeti, mu bokosi la mapoto, mpaka m'matenti momwe, kiyi osaoneka. Tayala lakufa likungotiyang'ana, latsopano lili pambali lodzaza mpweya, chotilekanitsa ndi kanati kamodzi kosaposa chala chachikulu.

Netiweki kumeneko musaiwerengere. Alamu anakwera kaphiri foni ili m'mwamba ngati akuombeza mvula, anapeza kabaa kamodzi, anaimba nambala yawo ya ngozi yomwe analemba pa galasi kuti imayankhidwa usana ndi usiku, kasanu konse, inangolira. Dzuwa linalowa. Amene simunafikeko, Nyika ili pamwamba kupitirira mamita 2,000 ndipo mu June kumagwa chisanu chenicheni choumitsa udzu, cha pa Joni pano chimachepa kaye. Tinatsitsa jeke n'kutsegula matenti pomwepo galimoto itapendekeka, usiku wonse ndimangotsetserekera kwa madamu ndipo iwo sanandiyankhule kuyambira 6 koloko mpaka kunja kunacha, amene muli pabanja mukudziwa kuti bola kukalipiridwa. Fisi analira kawiri chapatali, alamu akuti sanamve koma mkodzo anausunga mpaka m'mawa.

Anatipulumutsa ndi madala ena oyendetsa lole yomwe inatulukira cha m'ma 8. Anatsika, monire monire, anayang'ana nati ija n'kuseka. Anatenga soketi yocheperako pang'ono, anaikhomerera ndi hamala pa nati ija mpaka inaluma, anavalika paipi ku sipanala n'kuponda kamodzi, nati inamasuka. Mphindi 20 sizinakwane. Kenako anati bwana, enawanso tichotseretu, mukaphulitsa lina mugonanso, ndiye anachotsa onse anayi. Ndalama anakana, anangomwa tiyi ndi buledi n'kuti yewo, anapita. Tinayenda ndi manati asanu asanu pang'onopang'ono mpaka tinagula wamba pobwerera.

Tsono kunena chilungamo galimotoyo payokha ndilibe nayo mawu. Tenti ikatsekedwa bwino mphepo silowa, matiresi ndi onenepa, firiji sinazime olo tsiku limodzi poti ili ndi batire yakeyake, nyama yomwe tinagula ku Mzuzu tinadya mpaka tsiku lachinayi. Ku Chelinda tinadzuka mbidzi ndi chilembwe zikudya udzu pafupi ndi makwerero a tenti, nkhungu ili pansi pathu ife pamwamba, kuseri nkhalango ya paini, madamu pomwepo anayambanso kuyankhula. Ndipo msewu wa Gorodi uja wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makilomita 15 makona 20, inakwera pa low range osatsokomola, makona ena ndimachita kubwerera m'mbuyo kaye kuti ndikhote alamu atatseka m'maso akuitana Yesu. Ndinangoti koma Robert Laws ndi anthu ake mu 1894 anaganiza chani kukhazika mishoni pamwamba ngati apo. Mathithi a Manchewe tinawaona, nyanja ili m'munsi mbee. Pamenepo mkwiyo unali utatsika ndithu, ndimati ndikawapatsa nyenyezi zinayi.

Kufika kuno ndinapeza mnyamata yemwe uja. Anazungulira galimoto ndi kapepala, akuti tayala mulipira, ndinati eya, inshuwalansi yawo matayala siikhudza ndimadziwa kale. Kenako akuti mwaononga maloko nati anayi ndipo kiyi mwataya, tidula pa dipoziti. Abale inu. Ndinayankhula Chizulu changa chophotchoka chonse chomwe ndaphunzira zaka 11 mpaka mayi ena achikulire anatuluka mu ofesi ya kumbuyo. Anamvetsera osandidula, analowa mu galaja, patapita mphindi zochepa anabwera ndi kiyi uja m'manja, ali ndi kachikwangwani ka nambala ya galimoto yathu yomwe, anatsalira mu dilowa pomwe ankasintha matayala tisanainyamule. Anapepesa, anachotsa mtengo wa tsiku limodzi lomwe tinagona pamsewu, dipoziti inalowa Lachinayi atangodula za tayala. Za nambala ya ngozi ija anangoti ayang'ana, sindinakhutire nazo koma ndinasiya.

Mnyamata uja pepani sanamutchule, anangobwerera pa foni yake.

Ndapereka nyenyezi zitatu, ziwiri za galimoto imodzi ya mayi aja. Chaka cha mawa tikufuna tikafike ku Misuku ku Chitipa ndipo mwina ndidzatenganso komweko poti ena onse omwe ndinafunsa salola galimoto kudutsa Zimbabwe, koma kiyi ndidzamuyesa pa tayala lililonse pa geti pawo pomwepo, ndipo ndikadzapeza pa kauntala pali iyeyo ndidzakhala pa benchi kudikira mayi aja olo mpaka masana.