Tsala lakumudzi: tibzale mbande kapena tisamale mphukira?

Ambiri a ife okhala kuno ku Johannesburg tinasiya minda kumudzi, ndipo ina yasanduka tsala. Wofuna kubwezeretsa nkhalango pamalo otere angagule mbande za m'machubu n'kubzala, kapena angasamale mphukira zotuluka pa zitsa ndi mizu yotsalira m'nthaka. Ine ndili kumbali ya mphukira.

Mbande zimakopa chifukwa ntchito yake imaoneka. Nyengo yobzala mitengo ku Malawi ikayamba pa 15 Disembala, mumatumiza ndalama, alamu anu akumba maenje, zithunzi n'kubwera pa WhatsApp. Koma pofika Okutobala chiswe chadya, mbuzi zabudula nsonga, moto wa osaka mbewa wadutsa, inu muli kuno. Komanso m'manazale mumachuluka bulugama ndi kesha. Mbande za mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku n'zosowa, ndipo zimachedwa kukula chifukwa zimayamba ndi kuzika mizu.

Bulugama amapereka mapolo msanga, sindikana, koma pansi pake pamakhala poyera. Kuno ku Joni mitengo yachilendo ankaibzala pofuna mizati ya m'migodi, ndipo dera la mumzinda uno lotchedwa Saxonwold lidayamba ngati munda wa mitengo yotero. Kuyambira 1995 boma la South Africa likulemba anthu ntchito yodula mitengo yachilendo yomwe imamwa madzi ambiri, kudzera mu Working for Water.

Mphukira ili ndi muzu wakale, wozama, wodziwa kale chilimwe cha pamalopo. Pa chitsa chimodzi zimatuluka zambirimbiri zothinana. Mumasankha ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo n'kudula ndi chikwanje chakuthwa, nthambi zam'munsi n'kusadzula. Zodulidwazo ndi nkhuni za amayi. Ku Niger alimi adabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni mwa njira imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Chimene chimandikoka mtima n'chakuti mitengo imabwerera yosakanikirana, monga idaliri kale. Bowa wina wodyedwa amadalira mizu ya mitengo yam'tchire, simungamufune m'munda wa bulugama. Njuchi zimapeza maluwa, nkhwali ndi akalulu zimapeza pobisala, masuku akapsa mbalame zimadzaza.

Njirayi imakanika pamunda pomwe adazula zitsa zonse n'kulima ndi thalakitala zaka zambiri, monga m'maesiteti akale a fodya. Pamenepo bzalani ndithu, koma mitengo yathu: msangu ndi mthethe pamtunda, mbawa ndi mkuyu kumtsinje. Mkuyu umaitana mbalame ndi mileme, zomwe zimagwetsa njere za mitengo ina.

Musanagule mbande, apempheni alamu anu ayende m'tsalamo mvula yoyamba ikagwa, awerenge zitsa zophuka. Zikakhala zambiri, ndalamayo ipite kolambula m'mphepete udzu usanaumiretu, ndi kwa munthu woyang'anira. A mfumu nawo adziwitsidwe, kuti a mbuzi ndi ootcha makala amve kuti tsalalo lili ndi mwini wake.