Mita inafa, ngongole inabwera mwakachetechete

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za amisiri amene anafika pakhomo, osati za owerengera ngongole ku ofesi. Ndikunena za kampani imene imatigulitsa magetsi ndi mmene inayendetsera nkhani ya mita yanga yolipiriratu itawonongeka kuno ku Bangwe. Ndinadikira dala kuti ngongole ithe kaye, kuopa kulemba mtima uli m'mwamba.

Mitayo inafa nyengo ya mvula, kumayambiriro kwa 2022. Usiku wina kunagwa mphezi, magetsi anathima, ndipo atabwera galasi la mita silinkaonetsanso kanthu. Tokeni sinkalowa, koma m'nyumba mukuwala bwinobwino. Aneba ena anati ndingokhala chete, ati umenewo ndi mwayi. Musawamvere anthu otere. Tokeni iliyonse ya manambala 20 imene mumagula imalembedwa pa nambala ya mita yanu, choncho nyumba ikasiya kugula kwa miyezi ingapo zimaonekera pa kompyuta yawo. Akakupezani okha, nkhani sikhalanso ya mita yowonongeka, imasanduka ya kuba magetsi. Ine ndinakanena m'mawa mwake ndipo anandipatsa nambala ya dandaulo.

Amisiri sindingawanene zoipa. Anaonetsa ziphaso zawo, anayang'ana chidindo cha pa mita, anajambula, kenaka analemba pa fomu kuti chidindo sichinakhudzidwe ndipo vuto lachokera ku mphezi. Wamkulu wawo anati, "Amayi, pepala ili mulisunge ngati la ku sikelo ya mwana." Palibe anapempha ya Fanta. Vuto linali lakuti mamita atsopano kunalibe, ndiye anasiya magetsi akuyaka nkunena kuti zolipira tidzakambirana mita ina ikadzabwera. Kukambiranako sikunachitike.

Patapita miyezi ingapo anadzaika mita yatsopano, ntchito yosatha ndi ola lomwe. Nditagula mayunitsi pa foni monga mwa nthawi zonse, ndinaona kuti abwera ochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama imene ndinatumiza. Pansi pa uthengawo panali mzere wonena kuti gawo lina lapita ku ngongole. Ngongole yanji, ya ndalama zingati, yowerengedwa bwanji? Kalata kunalibe, foni kunalibe. Apa ndi pamene ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa kulipira sindinkakana. Magetsi tinagwiritsa ntchito ndithu. Koma munthu amene anakanena yekha za vutolo sayenera kudziwa za ngongole yake ataima pa mita ndi tochi, akulowetsa tokeni.

Ku ofesi anandifotokozera pakamwa mmene amachitira. Amatenga mayunitsi amene nyumba inkagula miyezi ingapo mita isanafe, nkupeza kuti pa mwezi inkatha angati, kenaka nkuchulukitsa ndi miyezi imene munalibe mita. Pongomva zikuoneka zachilungamo. Koma miyezi sifanana. Imene anatengera kwa ine inali ya Okutobala, Novembala ndi Disembala, nthawi yotentha pamene firiji yanga yaikulu inkalira usana ndi usiku chifukwa ndinkapanga mafirizi ogulitsa kwa ana a sukulu. Miyezi imene mita inali yakufa inali ina ndithu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo sanabwerere mpaka 2023. Aliyense wa mu Blantyre akukumbukira kuzimazima kwa chaka chimenecho. Mafirizi ndinasiya chifukwa ankasungunuka asanaume, nsima ndinkaphika pa mbaula, ana ankawerengera nyale ya sola. Ndiye munthu angandilipiritse bwanji mayunitsi a maola amene magetsi kunalibe? Nditafunsa zimenezi, bambo wa pa desiki anati, "Ndi mmene sisitimu imawerengera, amayi." Sisitimuyo inalibe mawu ena.

Amene anandithandiza ndi mtsikana wina wa pa desiki yapafupi. Ananditsatira pakhomo nkunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, pakamwa simupindula kanthu. Lembani kalata, muikemo umboni, wina akudindireni kope lanu." Ndinatero. Ndinaikamo pepala la amisiri lija, nambala ya dandaulo, ndi mauthenga a matokeni akale amene anali akadali mu foni. Ndinapempha zinthu zitatu: aone mmene mita yatsopano ikudyera m'malo modalira miyezi yotentha yokha, achotse mayunitsi amene anatsalira mu mita yakale, ndiponso andiuze mtengo wa yunitsi umene agwiritsa ntchito. Chachitatuchi anthu ambiri amachiiwala. Mitengo ya magetsi imavomerezedwa ndi MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, ndipo imasinthasintha, choncho ngati yakwera pakati pa nthawi imene mita inafa ndi nthawi imene akuwerengera ngongole, funsani kuti atenga uti. Pansi pa kalatayo ndinalemba kuti ndikapanda kuyankhidwa ndikadandaula ku MERA, poti bungweli, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, limalandiranso madandaulo a ogula magetsi. Kuli CFTC ndi CAMA zomwe zimamva madandaulo a ogula, koma ine sindinafikeko.

Yankho linachedwa, ndipo panthawi yonseyo kudula kunkapitirira pa tokeni iliyonse. Kenaka ngongole inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndinadziwira pa kauntala nditafunsa ndekha. Pepala losonyeza masamu awo sanandipatse, ngakhale atakonza. Ndalama imene inatsalayo ndinaiona kuti ndi yoyenera ndipo ndinailipira osadandaula. Chimodzi chokha ndiwayamikire owerengerawo: kudula pang'onopang'ono pa tokeni ndi kwabwino kusiyana ndi kuuzidwa kuti ulipire zonse lero apo ayi akudulire magetsi. Nyenyezi yachitatu ija ndi ya zimenezi.

Mlongo wanga amakhala ku Manchester, ndipo nditamusimbira anandiuza mmene zilili kumeneko. Bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi ku UK, Ofgem, linaika lamulo mu 2018 lakuti kampani ikalephera kulipiritsa munthu molondola, singabwerere m'mbuyo kupitirira miyezi 12 kukatolera ndalama, pokhapokha ngati wogulayo ndi amene ankatsekereza, monga kukaniza anthu kuwerenga mita. Limeneli ndi lamulo la kumeneko, musapite nalo ku ofesi ya kuno. Chimene ndinalikondera ndi chakuti limaika chikakamizo pa kampani kuti ifulumire. Mita ndi yawo, kuchedwa kuisintha ndi kwawo, ndiye sizomveka kuti mtolo wonse wa kuchedwako ugwere mwini nyumba.

Kwa amene mukukayikira kuti mita yanu ikudya mopitirira, pali njira yoyesera nokha musanapite kukakangana. Yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawati 1000 chikayaka ola lathunthu. Pamaso pa mita pali kagetsi kofiira kophethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000 yunitsi imodzi yatha. Zimitsani zonse m'nyumba, firiji yomwe. Kagetsiko kakapitiriza kuphethira, pali chimene chikudya, mwina waya wakudontha kapena nyumba ya kuseri yalumikizidwa kwa inu. Kakaima, yatsani ketulo ya mawati 2000 yodzaza madzi kwa mphindi zitatu. Iyenera kudya gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi, ndiye kuphethira pafupifupi ka 100. Kusiyana pang'ono musadabwe nako, poti mphamvu ya magetsi kuno imatsika ndi kukwera. Koma kukakhala kuwirikiza kawiri, jambulani vidiyo ndipo mukanene. Chidindo chokha musachikhudze, ngakhale mmisiri wa m'dera atakulonjezani kuti akonza motchipa. Alendi amene mumagawana mita imodzi, onetsetsani kuti dandaulo lapita kudzera kwa alandilodi, chifukwa ngongole imalembedwa pa mita, ndipo amene adzalowe m'nyumbamo pambuyo panu ndi amene adzaipeze.

Mita yatsopano ikugwira bwino, matokeni akulowa msanga, ndipo ngongole inatha. Mayunitsi amene anatsalira mu mita yakale okha sindinawaone mpaka lero. Nthawi yomaliza kufunsa anati fayilo ili kwa akuluakulu.