Anandiwotchera tsitsi dzulo lake la chinkhoswe: nyenyezi ziwiri basi

Dzina la saluniyi sinditchula, a pa Boma la Mangochi muidziwa nokha. K12,000 yawo yochapa ndi kuwongola ija ndinalipira osanyinyirika, chifukwa malo ndi aukhondo ndipo magetsi akazima amaliza jenereta. Ndinkafuna ndikaoneke bwino pa chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Mpondasi.

Vuto ndi mtsikana amene anandigwira. Pa benchi panali mzere, iye foni ili pakhutu, ndiye ananditulutsa mu dalaya tsitsi lisanaume. Ndinagwira kumizu, kuli nyowee. Ndinati, "Asisi, silinaume ili." Iye osandiyang'ana n'komwe, "Liumira pa chitsulo pompa, anti." Flat iron, chitsulo chamagetsi chowongolera tsitsi chija, anaikweza mpaka pa madigiri 230, pothera penipeni, ndipo sanapake chilichonse choteteza tsitsi ku moto. Atangopana koyamba kunamveka tsiii, utsi tolo, fungo ngati akuwawula nkhuku. Mayi wina amene amalukitsa pambali panga anachita kutembenuka. Nditadandaula anati ndi nthunzi chabe. Nthunzi imanunkha choncho? Malo amodzimodzi ankabwereza kupana mobwerezabwereza, makamaka kutsogoloku kumene tsitsi ndi lopyapyala kale.

Madzi amawira pa madigiri 100. Ndiye tsitsi likakhala ndi madzi mkati, wina n'kulipana ndi chitsulo cha 230, madziwo amawira momwemo n'kusiya timabowo, tsitsi n'kumathothokera pamenepo. Langa ndi la rilakisa, mankhwala analifooketsa kale, ndipo zimenezi ndinamuuza ndisanakhale pampando.

Ku chinkhoswe ndinakongola m'mawa wokha. Dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, thukuta kuphatikiza chinyezi cha kunyanja. Pofika nthawi ya nkhomaliro kumizu kunali kutafufuma, nsonga zili njoo, zouma gwa. Zithunzi za masana ndajambulidwa nditamanga duku. Pokutha sabata chipeso chinkangodzaza tizidutswa, pa pilo tizidutswa, kutsogolo kukuoneka khungu.

Ndinabwerera ndili wokonzeka kukangana, koma mayi eni ake anandifooketsa. Anangogwira tsitsilo n'kupukusa mutu, sanakane chilichonse. Anandiuza zoona kuti tsitsi lopsa silichira, mafuta amangolibisa, mankhwala ake ndi sizasi. Anadula nsonga zonse zopsa n'kundipaka treatment ulere. Pa nyenyezi ziwiri zimene ndapatsa saluniyi, yachiwiriyo ndi yawo. Anandifunsanso madzi amene ndimachapira, nditati a pa mjigo anati madzi amchere aja amasiya zinthu m'tsitsi n'kuliumitsa, sopo wochapira zovala amene enafe timagwiritsa shampu akatha amangowonjezera. Anati ndisamasiye conditioner, ndizipesa ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kupita kumizu, usiku ndizimanga duku loterera la satini chifukwa la thonje limamwa mafuta. Nyengo yotentha ino akuti ndi bwino kungoluka, koma osakoka kwambiri kutsogolo, kusiyana n'kumawongola sabata iliyonse tsitsi loti thukuta lilibweza tsiku lomwelo. Malangizo abwino, koma bwanji osawapereka kwa antchito awo?

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye zimene zadulidwazi ndidikira miyezi yambiri, panopa ndi wigi, m'kutentha kumeneku. Mtsikana uja sanapepese, ndinamupeza ali pompo, foni pakhutu, chitsulo m'manja. Mukapitako nenani kuti akugwireni mayi eni ake, mukhale mu dalaya mpaka liumiretu, ndipo muziyang'ana nokha nambala pa chitsulocho. Ikadutsa 180 pa tsitsi la rilakisa, kanani.