Kabuku kophunzitsa ana kujambula

Kabukuka ndinakapeza pa mabuku a kaunjika ku Limbe, chikuto chitang'ambika pang'ono. Mawu ndi ochepa, zithunzi ndi zikuluzikulu, moti ngakhale mwana wa kumkaka amatsatira bwinobwino.

Tsamba limene landigwira mtima ndi losakaniza mitundu: penti wachikasu ukamuphatikiza ndi wabuluu, amatuluka wobiriwira. Mdzukulu wanga atayesa m'mbale yapulasitiki anakuwa, "Agogo, taonani, wasanduka ngati masamba!" Khoma la pakhonde ndiye musafunse.

Mulinso mpendadzuwa umene katswiri wojambula wa ku Netherlands, Vincent van Gogh, anajambula mu 1888, ndipo mwanayu anauzindikira msanga poti kwathu timalima. Chondidandaulitsa nchakuti konse nka m'Chingerezi, ndimachita kumasulira ndekha, komanso zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza mulibemo. Koma mapepala ake ngolimba, akadonthera madzi ungopukuta basi.