Pool ya ku Kapata: matebulo ali bwino, vuto ndi ma pro

Loweruka ndinakasewera pa malo ena a pool kufupi ndi msika wa Kapata. Kunena zoona matebulo ndi abwino, nsalu yatsopano, makyu owongoka osati aja okhota ngati mpini wa khasu, choko chilipo, Mosi naye wozizira bwino.

Vuto ndi anyamata odzitcha ma pro aja. Wina anagwetsa blaki msanga, basi waluza, koma m'malo mopereka dzanja anamenyetsa kyu pa tebulo mpaka tipi kuthothoka, ati mnzake anatsokomola dala pomwe iye amalasa ndiye ya beti sapereka. Eni malo ali phee pa foni! Amdala, ikani munthu woweruza magemu a ndalama. Ine ndidzabweranso koma m'mawa, ma pro asanadzuke.