Matchizulo anayi amene ndinagula ku Limbe

Papita miyezi isanu chigulireni matchizulo awa m'sitolo ina ya hadiweya ku Limbe. Amabwera anayi m'paketi: la 6mm, 12mm, 19mm ndi 25mm. Ine si kalipentala wodyera ntchitoyi. Ndimangokonda kukhoma timabokosi tosungiramo ndolo ndi mikanda, Loweruka masana pakhonde kwathu ku Chilomoni.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka mtima. Papaketi analemba kuti ndi onolanola, koma ayi ndithu, amabwera obuntha. Tsiku loyamba ndinayesa la 12mm pa thabwa la paini, m'malo modula linkangofinya thabwalo n'kulinyenya. Ndinatha masana onse pa mwala wonolera, kuyambira kumsana kwa tchizulo mpaka kutasalala, kenako kukamwa kwake. Ngati mulibe mwala, gulirani limodzi tsiku lomwelo.

Nditanola, nkhani inasintha. Chitsulo chake n'chabwino. Ndimatola zidutswa za mlombwa ndi mbawa kwa akalipentala a ku Ndirande, ndipo pa mlombwa tchizulo limangoyenda myaa, likutulutsa timapalepale topyapyala topiringizika. Mano a m'makona a bokosi amalumana bwino moti guluu ndimangopaka pang'ono. Mbawa ndiye amavuta, chifukwa mitsempha yake imapingasana, ukathamanga amathetheka. Apa la 19mm landithandiza, bola kusenga pang'onopang'ono ndi dzanja, osamenya ndi hamala. Ndimatha kumaliza timabokosi tiwiri ndisanabwererenso pa mwala.

Limene ndalikonda koposa ndi la 6mm. Agogo anga anasiya kabokosi ka mkungudza kamene anagula kalekale ku Likhubula, ndipo hinji yake imodzi inali itazuka. Ndinasema malo atsopano a hinjiyo ndi mtima uli m'mwamba, poti thabwa lotere simungalipezenso mwachilungamo: mkungudza wa m'phiri la Mulanje unatsala pang'ono kutheratu ndi kudulidwa, ndipo ine sindigula ngakhale wina andinong'oneze mtengo wotsika. Tchizulo litangolowa, fungo lija linatuluka ngati mtengowo wadulidwa dzulo. Mayi a kunyumba anachita kutuluka m'khitchini kudzanunkhiza.

Zigwiriro zake ndi zapulasitiki ndipo zimaterera manja akachita thukuta. Cha la 25mm chinang'aluka mwezi wachitatu, ngakhale ndimamenya ndi hamala yamtengo yokha. Ndinasema china cha mlombwa. Dzimbiri nalonso silichedwa: chiperoni cha mu Julayi chitangodutsa ndinapeza madontho ofiira pa onse anayi, choncho tsopano ndimawapaka oyilo ndi kuwakulunga m'kansalu ndikaweruka.

Kwa amene akuyamba kumene timabokosi ndipo ali ndi mtima wonola, gulani, simudandaula. Amene mumakhoma zitseko ndi mafelemu tsiku ndi tsiku, zigwirirozi sizikupirirani, onjezerani ndalama mupeze ena. Ine ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.